Lenti ya 1992: Pamene Chitsanzo Chabwino Chinasanduka Mlandu



Sabata ino tapatuka pang'ono pa chizolowezi chathu chosinkhasinkha mawu a Lamulungu likudzali, kuti titembenukire ku mbiri ya kwathu konkuno. Chatikoka ndi langizo lija takhala tikulimva kuyambira tili m'kalasi yokonzekera Ukaristia woyamba, lakuti mkhristu azikhala chitsanzo chabwino kwa anzake. Timalimva kwa makolo, kwa abambo mfumu, ndi pa misonkhano ya mphakati. Tikafunsana kuti langizoli likutanthauzanji, mayankho amabwera ofanana: kuvala modzilemekeza, kupewa mowa ndi chamba, kusachedwa ku Misa, kupereka ulemu kwa akuluakulu. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene tikufuna kuchipeputsa. Koma mukaziika pamodzi, munthu amene akuoneka ndi wofatsa, wosavuta, wosasowetsa tulo wina aliyense. M'mbiri ya Dayosizi ya Mzuzu muli chaka chimodzi chimene chimatikakamiza kufunsa ngati chithunzi chimenechi n'chokwanira. Chakacho ndi 1992, pamene ambiri a ife tinali tisanabadwe.

Mpingo wa Katolika unafika mochedwerapo kuno kumpoto. Pamene ansembe a chipani cha Montfort ankatsegula mishoni ya Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers ankakhazikika ku Mua mu 1902, chigawo chino chinali chitazolowera kale amishoni a Livingstonia ndi sukulu zawo. Dera lathu linayamba kuima palokha pa kayendetsedwe ka Mpingo mu 1947, ndipo mu 1961 linakwezedwa kukhala Dayosizi ya Mzuzu, episkopi wake woyamba nakhala Ambuye Jean-Louis Jobidon, a ku Canada. Iwo atapuma pa udindo mu 1987, Apapa sanasankhe episkopi wina nthawi yomweyo. Anapereka ntchito yoyang'anira dayosizi kwa wansembe wa ku Ireland, Monsinyo John Roche, wa chipani cha Patrick Woyera chimene ambiri amachidziwa ndi dzina lakuti Kiltegan. Monsinyo Roche sanali episkopi wodzozedwa, koma ankakhala nawo pa misonkhano ya maepiskopi a dziko lino, ndipo zimene maepiskopi ankagwirizana ankasaina nawo.

Malawi wa masiku amenewo ngwovuta kumufotokoza kwa ife amene tinakula tikuimba foni ku wailesi ndi kudzudzula nduna poyera. Dr. Hastings Kamuzu Banda anali akulamulira kuyambira 1964, ndipo kuyambira 1971 anali Pulezidenti wamuyaya. Chipani chololedwa chinali chimodzi, Malawi Congress Party. Wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo ya kanema kunalibe. Mwana aliyense wa sukulu ankaloweza ngodya zinayi zimene ankati dziko laimapo: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo.

Tawayang'anitsitsani mawu anayi amenewo. Onse ndi mawu amene timawamvanso m'tchalitchi. Ndani mwa ife angatsutse umodzi, kapena kunena kuti kumvera n'koipa? Msampha unali pamenepo. Mkhristu wabwino ndi nzika yosatsegula pakamwa ankaoneka ngati munthu mmodzi yemweyo, kotero kuti munthu ankatha kukhala chete chifukwa cha mantha, mumtima mwake n'kumadzitonthoza kuti akukhala chete chifukwa cha ulemu.

Pansi pa bata limenelo panali zambiri. Ayufi ovala malaya ofiira ankaima pa zipata za misika ndi pa madepoti a basi kufunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa. Munthu ankatha kutsekeredwa zaka popanda kuonekera kubwalo la milandu, monga zinachitikira mlakatuli Jack Mapanje, amene anakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, mtundu wa Amalawi n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa wa ku Nkhata Bay ndi mkazi wake Vera anali m'ndende chiwagwirireni mu 1981. Kuno kumpoto tinali ndi zilonda zathuzathu. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera m'chigawo chino amene ankagwira ntchito pakati ndi kummwera analamulidwa kubwerera kwawo, atanenedwa kuti ankaphunzitsa ana a eni mwaulesi dala. Mabanja ambiri a mu Mzuzu muno akukumbukirabe chaka chimenecho.

Nanga Mpingo wathu unali kuti nthawi yonseyi? Funsoli sitiyenera kulithawa. Unali m'sukulu, m'zipatala monga cha St John's, ndi m'midzi, ukugwira ntchito yotamandika. Koma pa nkhani ya chilungamo, pagulu unali duu kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Chifukwa china chinali chipsera chakale: mu 1960 nyuzipepala ya Malawi News inaukira Arkiepiskopi Theunissen a ku Blantyre, kuwanena kuti ndiwo anali kumbuyo kwa chipani chimene Chester Katsonga anayambitsa, ndipo kuyambira pamenepo atsogoleri a Mpingo anaphunzira kuyenda monyang'ama. Pamene a Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia chifukwa chokana kugula makadi, mipingo ikuluikulu sinakweze mawu. Timasiyana nawo kwambiri pa chiphunzitso, koma pa mfundo imeneyi anatitsogolera, ndipo anavutika okha. Mu Meyi 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anadzacheza m'dziko muno, makamu a anthu nasonkhana ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Amene ankayembekeza kuti Mpingo wa ku Malawi ulankhula mosabisa anadikirabe zaka zina zitatu.

Sitikukumbutsa izi kuti tiweruze makolo athu tili pamthunzi. Tikufuna tione kuti anthu amene analimba mtima mu 1992 ndi omwewo amene anakhala chete mu 1983. Sanali anthu a mtundu wina wake wosadziwa mantha. Anali anthu wamba amene anachedwa, kenaka n'kudzuka.

Pofika kumayambiriro kwa 1992 mphepo inali itatembenuka m'maiko otizungulira. Nelson Mandela anatuluka m'ndende mu 1990, ndipo mu Okutobala 1991 Kenneth Kaunda anagonja pa chisankho ku Zambia, nasiya mpando mwamtendere. Kuno kwathu kunali chilala choopsa, ndipo dziko linali likusunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique. M'nyengo imeneyi ndi mmene maepiskopi anagwirizana zolemba kalata ya Lenti, imene pa Chingerezi anaitcha Living Our Faith, kutanthauza kuonetsa chikhulupiriro chathu m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Anaisaina ndi Arkiepiskopi James Chiona a ku Blantyre, Ambuye Felix Mkhori a ku Chikwawa, Ambuye Matthias Chimole a ku Lilongwe, Ambuye Alessandro Assolari a ku Mangochi, Ambuye Allan Chamgwera a ku Zomba, Ambuye Gervazio Chisendera a ku Dedza, ndi Monsinyo Roche m'dzina la akhristu a Mzuzu. Inasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort, makope pafupifupi 16,000 m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi.

Pano tiime kaye, chifukwa mbali iyi ya nkhani ndi imene kawirikawiri imadumphidwa. Kuchokera ku Balaka kufika mu Mzuzu ndi ulendo wa makilomita oposa 500. Ndipo Mzuzu sanali mathero. Masiku amenewo Dayosizi ya Karonga kunalibe, popeza inakhazikitsidwa mu 2010, choncho dayosizi yathu inkafika mpaka ku Chitipa. Kalatayo inayenera kuchoka pa makina, kumangidwa m'mitolo, kukwera magalimoto, kudutsa apolisi a pamsewu, kufika ku maparishi, ndi kugawidwanso kupita ku matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi, m'nyengo ya mvula. Zonsezi zinkachitika m'dziko limene munthu sankakhulupirira ngakhale mnzake womwa naye tiyi, poopa kuti angakhale kazitape. Tawerengani m'mutu manja amene anagwira mapepala amenewo: osindikiza, oyendetsa magalimoto, asisteri, ansembe, makatekisi. Mmodzi yekha akanakanena ku ofesi ya chipani akanalandira mphotho, ndipo kalatayo ikanathera m'manja mwa apolisi. Koma inafika pa guwa boma lisanaitseke. Akuluakulu amati nkhanga zinapangana kusanapse. Ife tikuona kuti chozizwitsa chachikulu cha Lenti imeneyo chinali kukhulupirika kwa anthu ambirimbiri opanda maudindo, amene aliyense wa iwo anasunga pakamwa pake pa nthawi yoyenera kusunga, kuti choona chidzamveke pa nthawi yake.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Mthenga Wabwino wa tsikulo unali wa Luka, mutu 4, pamene Satana akuonetsa Yesu maufumu onse a pansi pano ndi kumulonjeza ulemerero wake ngati angamugwadire. Makolo athu ambiri kuno anaimva m'Chitumbuka, chiyankhulo chomwe chija chinachotsedwa pa wailesi. Tikumbukirenso kuti m'matchalitchi a kumidzi, kumene wansembe amafikako mwa apo ndi apo, ntchito yowerenga imagwera katekisi kapena mkulu wa mpingo, munthu amene wapampando wa chipani wa m'deralo ankadziwa nyumba yake, munda wake ndi ana ake.

Munthu wa lero akaiwerenga kalatayo amadabwa ndi kufatsa kwake. Munalibe chipongwe, ndipo sinapemphe kuti boma lichoke kapena kuti pakhale zipani zambiri. Inayamikira ndithu zabwino zimene dziko linapindula. Kenaka inatchula zinthu zimene aliyense ankazidziwa: kuti mpata pakati pa olemera ndi osauka unali kukula, kuti malipiro a antchito ndi mitengo yogulira mbewu za alimi zinali zosakwanira, kuti ziphuphu ndi kukondera abale zinali zitamera mizu, kuti ana anali othithikana m'makalasi opanda mabuku ndi aphunzitsi okwanira, kuti zipatala zinali zochepa ndipo odwala sankasamalidwa mofanana. Inadandaula kuti anthu ankaletsedwa kulowa mumsika, m'chipatala ndi m'depoti chifukwa cha khadi, kuti zopereka zokakamiza zinali zitasanduka chizolowezi, kuti anthu ankatsekeredwa popanda mlandu, ndi kuti amene ananena maganizo osiyana ankalipira ndi ufulu wawo. Pakatikati pa zonsezi panali mfundo imodzi imene tikupemphani muisunge, chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku: yakuti palibe munthu mmodzi amene angati choona chonse ndi nzeru zonse zili mwa iye yekha. Ndi nzeru yomwe ija ya makolo yakuti mutu umodzi susenza denga, koma kuinena pa guwa m'dziko la Pulezidenti wamuyaya kunali kuika khosi pampeni.

M'matchalitchi ambiri anthu anaomba m'manja, amayi naimba nthungululu. Munalibe nkhani yachilendo m'kalatamo. Chachilendo chinali kumva zonong'onezana za kuchipinda zikunenedwa masana, pamaso pa Mulungu ndi pa anthu, ndi kuona kuti mnzako wa pa benchi, amene unkamuopa, nayenso akugwedeza mutu.

Yankho la boma silinachedwe. Patangopita masiku awiri maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre, nafunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Kalata inalengezedwa kuti ndi youkira boma, ndipo kupezeka nayo kunakhala mlandu. Aliyense amene anali nayo anauzidwa kuti akaipereke ku polisi. Akuluakulu a chipani anachita msonkhano wadzidzidzi ku Lilongwe kumene ena ananena poyera kuti maepiskopiwo aphedwe. Mawu a pa msonkhanowo anajambulidwa, tepi yake inatuluka kunja kwa dziko, ndipo dziko lapansi litamva, zinakhala zovuta kuti chiwembucho chichitike. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anayenda pamsewu kuonetsa kuti ali kumbali ya maepiskopi, zimene zinali zisanaonekepo, ndipo koleji inatsekedwa. Likulu la Mpingo ku Roma linatumiza nthumwi, Arkiepiskopi Giovanni De Andrea, kudzakambirana ndi boma, ndipo kwa masiku ochepa zinaoneka ngati fumbi lagwa.

Koma boma linkafuna munthu mmodzi womusenzetsa mlandu, ndipo linamupeza mu Mzuzu. Monsinyo Roche anali mmodzi mwa amene anagwira nawo ntchito yokonza kalatayo, komanso anali mzungu. Kuloza iwo chala kunali ndi phindu lapawiri: kunkachotsa munthu wovuta, ndiponso kunkauza mtundu kuti Amalawi paokha alibe dandaulo, angosocheretsedwa ndi mlendo. Bodza limeneli linali chipongwe kwa Arkiepiskopi Chiona ndi anzawo, ngati kuti iwo analibe maso oonera mavuto a nkhosa zawo. Pa 17 Epulo 1992, tsiku la Lachisanu Loyera, Monsinyo Roche analamulidwa kuti atuluke m'dziko muno pasanathe maola 24. Anali atatumikira kuno zaka pafupifupi makumi awiri.

Aliyense wa ife amadziwa mmene Lachisanu Loyera limakhalira ku St Peter's: guwa lopanda nsalu, tabernakulo yotsegula, belu losalira, khamu la anthu likuyenda Njira ya Mtanda. Chaka chilichonse pa tsikuli timamva mbiri ya masautso a Ambuye monga anailembera Yohane, pamene Yesu akuuza Pilato kuti anabwera kudzachitira umboni choona, Pilato n'kufunsa kuti choona n'chiyani, osadikira yankho. Amene anasankha tsiku limeneli kuti apereke lamulo lawo mwina sanaganizepo za mawu amene akhristu anali kumva m'tchalitchi. Koma akhristu a Mzuzu sanafunikire wowamasulira. Usiku wa Pasaka, pamene moto watsopano unkayatsidwa, dayosizi inali yopanda mbusa wake. Wansembe winanso wa Kiltegan, Bambo Patrick O'Malley, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ndipo anali bwenzi la Jack Mapanje, nayenso anakakamizidwa kuchoka m'dziko muno chaka chomwecho.

Tikufuna kunena mawu amodzi amene ena angawaone ngati opeputsa Monsinyo Roche, koma sitikuwapeputsa. Iwo anataya zambiri: anthu amene ankawakonda, chiyankhulo chimene anachiphunzira, ntchito ya unyamata wawo wonse. Komabe anali ndi dziko lina lowalandira. Katekisi wa ku Mzimba kapena ku Rumphi amene anawerenga kalata ija analibe kothawira. Lolemba linamupeza pa msika womwewo, pamaso pa ayufi omwewo. Mayi amene anabisa kope lake m'nkhokwe m'malo mokalipereka ku polisi, kalaliki wa mu ofesi amene anachulukitsa masamba ake pa makina a fotokope, onsewa ankadziwa kuti akagwidwa palibe wailesi ya kunja imene idzatchule mayina awo. Ndipo ambiri anagwidwadi: m'miyezi yotsatira anthu ochuluka anatsekeredwa chifukwa chopezeka ndi zikalata zimene boma linkati n'zoukira. Boma linkaganiza kuti mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka nkhani yatha. Linaiwala kuti mame akauma, udzu umene anaunyowetsa umatsala pomwepo.

Chitsanzo chili ndi khalidwe lakuti sichifunsa kuti iwe ndi wa mpingo uti. Mu Mzuzu momwemuno, m'busa wa CCAP wa Sinodi ya Livingstonia, Aaron Longwe, analalikira kuchokera m'buku la mneneri Mika, ndipo anamangidwa. Pa 6 Epulo, Lachisanu Loyera lija lisanafike, Chakufwa Chihana wa ku Rumphi anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa bwino lomwe kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi asanamalize kuwerenga mawu ake. Mu Meyi antchito a ku Blantyre ananyanyala ntchito, apolisi naombera ndi kupha anthu ambiri, ndipo mwezi womwewo maiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lina. Mu Juni atsogoleri a CCAP pamodzi ndi nthumwi za mipingo inzawo ya kunja anapereka kalata yawo kwa Pulezidenti. Chaka chisanathe Akatolika, Apresibateriya, Aangilikani, Asilamu, maloya ndi amalonda anali atakhala pa tebulo limodzi m'bungwe la Public Affairs Committee. Orton Chirwa sanaone mathero ake, pakuti anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, mwezi womwe Dr. Banda analengeza kuti kudzakhala riferendamu.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuchokera ku sukulu. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo oposa 63 pa 100 alionse anasankha nyali ya zipani zambiri. Kuno kumpoto anali pafupifupi 9 mwa anthu 10 alionse. Pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho chimene Bakili Muluzi anapambana. Sitikhalitsapo pamenepa, chifukwa sitikufuna kuti nkhani ino imveke ngati yakuti kulimba mtima kumalipira msanga nthawi zonse. Pa 8 Malichi 1992 palibe amene ankadziwa kuti kudzakhala riferendamu. Amene anaima pa guwa tsiku limenelo ankadziwa za Mwanza ndi za Mikuyu basi. Zinthu zikanapita kwina, mchitidwe wawo ukanakhalabe wolungama chimodzimodzi. Ndipo tisanamizane: ziphuphu, kuchepa kwa mankhwala m'zipatala ndi kuthithikana kwa ana m'makalasi, zimene kalata ija inadandaula, sizinathe ndi kubwera kwa zipani zambiri.

Pakati pa ansembe a dayosizi ino amene anaona zonsezi panali wina wa zaka 36, wobadwa mu 1955 ndi kudzozedwa unsembe mu 1982, dzina lake Joseph Mukasa Zuza. Mu 1995 iyeyu ndiye anadzozedwa kukhala episkopi wa Mzuzu, Mmalawi woyamba pa mpando umenewu. Amene anawadziwa Ambuye Zuza amakumbukira munthu wansangala, wokonda kuseka ndi kucheza ndi aliyense, wosaoneka konse ngati wolimbana ndi maboma. Koma tsiku lawo linafika. Pa 20 Julayi 2011 Amalawi anachita zionetsero zodandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka dziko. Anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ndipo mzinda umene unataya anthu ambiri kuposa ina yonse unali Mzuzu. Manda a ena mwa iwo ali ku Zolozolo, ndipo ambiri anali achinyamata a msinkhu wathu.

Mwezi wotsatira, pa 16 Ogasiti, kunachitika mapemphero a dziko lonse ku holo ya COMESA ku Blantyre, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ali pomwepo. Wolalikira anali Ambuye Zuza, amene pa nthawiyo anali wapampando wa bungwe la maepiskopi. Anati mavuto a dziko tinawapanga tokha, ndipo mbali iliyonse inali kuloza chala inzake m'malo modziyang'ana. Kenaka ananena kuti munthu amene amadziona ngati ali ndi mayankho onse, wosafuna kumva za anzake, ndiye wopusa kuposa onse, namutchula ndi mawu a Chitumbuka amene dziko lonse linawaloweza tsiku lomwelo: chindere chakufikapo. Sanatchule dzina la munthu. Otsatira boma anakwiya kwambiri, ndipo mpaka lero alipo akhristu ena amene amati mawuwo anali olemera mopitirira pa malo a mapemphero. Mwina nkhani ya kasankhidwe ka mawu ingakambidwe. Koma mfundo yake ndi yomwe ija ya kalata ya 1992, yakuti palibe mmodzi amene ali ndi nzeru zonse, itanenedwanso patapita zaka 19, kwa mtsogoleri wosankhidwa ndi mavoti amenenso anali Mkatolika mnzathu. Ichi n'chimene chimatitsimikizira kuti nkhani sinali yodana ndi Kamuzu kapena ndi chipani chake. Wansembe amene anaona mkulu wake akuthamangitsidwa pa Lachisanu Loyera anasunga zimene anaona, ndipo nthawi yake itakwana anachita zomwezo. Ambuye Zuza anamwalira pa 15 Januwale 2015 atachita ngozi ya galimoto, ali ndi zaka 59.

Tikaika anthu onsewa pamodzi, tikuona zinthu zingapo zimene zikusiyana ndi mmene ife timalankhulira masiku ano. Lero kulankhula n'kotchipa. Tili ndi Facebook ndi WhatsApp, ndipo ambiri a ife timatha kunyoza munthu usiku wonse titabisala kumbuyo kwa dzina lopeka, m'mawa n'kumadzitcha olimba mtima. Maepiskopi a 1992 analemba mayina awo pansi pa zimene ananena. Anayamba ndi kuyamikira zoyenera kuyamikira. Sanatukwane, sanaitane anthu kuti akaotche nyumba ya wina, ndipo makina awo atatenthedwa sanabwezere. Ananena zoona zokhazokha zimene akanatha kuziikira umboni, ndipo zimene ankadandaula zinali mavuto a anthu ena, osati a iwo eni, pakuti episkopi sankabwezedwa pa chipata cha msika. Kufatsa kuja tinayamba nako sanakutaye ayi. Anangokana kuti kukhale chophimba cha mantha.

Kwa ife mayeso ake amabwera ang'onoang'ono, ndipo n'chifukwa chake ndi osavuta kuwalephera osazindikira. Amabwera pamene mayankho a mayeso a Fomu 4 akuyenda pa foni ndipo kalasi yonse yavomera. Amabwera pa nthawi ya kampeni, pamene galimoto yaima pa Katoto kapena ku Chibavi kufuna anyamata oti akasokoneze msonkhano wa ena pa mtengo wa chakumwa ndi tisheti. Amabwera mu ofesi, pamene mkulu akuti saina apa, ndipo iwe ukudziwa kuti katundu amene akunenedwa pa pepalapo sanabwere. Amabweranso m'gulu lathu lomwe la achinyamata, ndalama za ulendo zikasowa ndipo tonse tikudziwa kumene zapita, koma aliyense akuti tisayambanitse anthu. Pa zonsezi palibe amene adzatithamangitse m'dziko. Chimene tingataye ndi anzathu, mwayi wa ntchito, kapena dzina lakuti ndife ana abwino osavuta.

Mabuku a mbiri anasunga mayina a maepiskopi asanu ndi mmodzi ndi la Monsinyo mmodzi, komanso a Chihana, Longwe ndi ena ochepa. Mayina a amene ananyamula mitolo ija kuchokera ku Balaka, ndi a amene anaimirira kuwerenga m'matchalitchi a udzu a ku Mzimba, Nkhata Bay, Rumphi, Karonga ndi Chitipa, sanalembedwe paliponse. Munthu amene anali ndi zaka 30 pa tsikulo lero wapitirira zaka 60. Ena mwa iwo ndi agogo aja amafika msanga pa Misa yoyamba ndi kukhala pa mabenchi akutsogolo, amene timawadutsa pakhomo la tchalitchi tikuthamangira kukayatsa mafoni athu. Lamulungu likudzali, Misa ikatha, tiyeni tikhale nawo pansi ndi kuwafunsa kumene anali pa 8 Malichi 1992, amene anawerenga kalata ku tchalitchi chawo, ndi kumene kope lawo analibisa. Tidzatenge kope ndi cholembera, ndipo tidzawapemphe chilolezo tisanalembe.